Mlamu wanu wa ku Lubumbashi asadzimane chakudya

Achemwali, mwafunsa za mlamu wanu wa ku Lubumbashi, m'dziko la DRC (Congo), amene papita miyezi 8 chiberekereni koma sikelo ikuonetsabe makilo 9 oonjezera, ndipo anthu akumuuza kuti amange mimba ndi kumwa tiyi wochepetsa thupi. Tiyiyo amusiye. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba, munthu n'kutaya madzi mafuta ali pomwepo, pamene iye akuyamwitsa. Kumanga nsalu kumathandiza kuti msana upepukidwe, koma sikusungunula mafuta.

Mayi wa thupi labwinobwino amayenera kuonjezera makilo 11.5 mpaka 16 pa mimba yonse, wonenepa kwambiri kale 5 mpaka 9. Tsiku lobereka pamachoka makilo 5 kapena 6, ndiye kuti mwana, nsengwa ndi madzi. Chiberekero chimabwerera m'malo pakatha milungu 6. Zotsalazo ndi mafuta osungira mkaka, ndipo amatha pang'onopang'ono. Chaka chikatha makilo 5 kapena kuposa akadalipo, nthawi zambiri amakhazikika.

Vuto limayambira m'chikuta. Abale amamudyetsa mwachikondi kuti mkaka utuluke: bukari, yomwe ndi nsima ya kumeneko, pondu, chigwada chathu chomwechi koma chosambira m'mafuta ofiira a kanjedza, tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi, iye osaloledwa kugwira ntchito. Chikhalirecho woyamwitsa amangofunika makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 oonjezera patsiku. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 120. Masupuni anayi mumphika wa ndiwo, gawo lonse lija latha. Choncho pondu asasiye, ndi ndiwo yabwino kwambiri, angoyeza mafuta ndi supuni m'malo mothira ndi botolo. Bukari achepetse pang'ono, aonjezere nyemba, nsomba ndi mazira, m'malo mwa zakumwa zam'botolo azimwa madzi. Mkaka umachuluka chifukwa mwana akuyamwa pafupipafupi, osati chifukwa cha kukula kwa mbale.

Kutsika theka la kilo pa mlungu n'kokwanira, mkaka suchepa. Ayende mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu, mwana ali kumbuyo. Ngati anabereka kudzera pa opaleshoni, kapena akamadzuka pamphasa pakati pa mimba pamatukumuka, aonane ndi adokotala asanayambe masewera olimbitsa mimba, chifukwa minofu ingakhale kuti inapatukana.

Chimene ambiri amachiiwala ndi kutumbiza. Kafukufuku wa dziko la DRC wa 2013 mpaka 2014 anapeza kuti mayi mmodzi amabereka ana 6.6 pa avereji. Mimba ina ikabwera makilo a mimba yoyamba asanachoke, amangosanjikizana, ndipo m'pamene shuga ndi BP zimalowera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira miyezi 24 mayi asanatengenso pakati. Amayi ena jakisoni wolera wa miyezi itatu amawanenepetsa. Ngati ndi amene akubayitsa, asangosiya, akafunse njira ina ngati lupu.

Apite kuchipatala akayezetse shuga, BP ndi chithokomiro ngati akunenepabe akudya pang'ono, akumva kuzizidwa, kutopa kosatha kapena kukhumudwa. Kutupa nkhope ndi miyendo, kupuma mobanika akagona chagada, kumeneko si kunenepa ayi, mtima ungakhale ukufooka. Apite tsiku lomwelo.