Tifunseni: Kamera ya drone yapendama, ndimpatse wokonza mafoni?

FUNSO: Achimwene, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Salima, ndili ndi ka DJI Mini 2 kamene ndinagula kwa mnzanga. Loweruka lapitali tikujambula akwati kunyanja kanakola nthambi nkugwera pamchenga. Kuuluka kakuuluka bwinobwino koma kamera yapendamira mbali imodzi, ndikayatsa ikumanjenjemera kenako pafoni pakulemba kuti gimbal motor overload. Wokonza mafoni wina akuti ndimpatse atsegule. Ndimpatse kapena ndingoiwalako? Mwezi wamawa ndili ndi maukwati awiri ndipo adipoziti ndinadya kale. Wojambula, Salima.

YANKHO: Pepani akulu, koma musampatse kaye. Sikuti ndikumunyoza ayi, anyamata a mafoni manja awo ndi ofewa ndipo mwina mumufunabe kutsogoloku, koma kutsegula ndi chinthu chomaliza osati choyamba.

Gimbal ija ndi timamota titatu, kena kamaweramitsa ndi kudzutsa kamera, kena kamaiwongola kuti isapendame, kachitatu kamaitembenuza kumanzere ndi kumanja. Uthenga wa overload ukungotanthauza kuti kamota kena kakukankha koma pali chomwe chikukagwira. Ndiye funso ndi loti chikugwiracho nchiyani, ndipo inu mwanena nokha kuti kanagwera pamchenga, wa ku Salima pamenepo. Mchenga wakuda uja mumauona m'mphepete mwa nyanja uli ndi tizitsulo, pomwe mkati mwa mota muli maginito, ndiye ukalowa sutuluka wokha olo mugwedeze bwanji, umangokakamira konko.

Chotsani batire, kenako ndi chala muyendetse kamera pang'onopang'ono mbali zonse zitatu. Ikuyenera kuyenda mofewa osagwira paliponse. Mukamva kuti khwekhwere penapake, ndi mchenga umenewo. Tengani kopopera mphepo ka raba kaja mumapukutira lens, mupope m'mipata ya motayo uku mukuizunguza, drone mutaizondotsa kuti zotuluka zizigwa pansi, mutha kuthandizira ndi kaburashi kofewa. Pamene pakuoneka timchenga takuda, ka Prestik kamatola bwino. Osauzira ndi pakamwa chifukwa mulowetsa chinyezi, komanso chonde chonde osathira oyilo kapena WD-40, iyi si tcheni ya njinga, mafuta amangosonkhanitsa fumbi lina.

Mukatero yang'anani pamwamba pomwe gimbal yalendewera. Pali timaraba tinayi tomwe timaletsa kunjenjemera kwa ma propeller kufika ku kamera. Drone ikagwa kamodzi kamatha kuvuka pabowo pake kapena kung'ambika, gimbal nkukhala mopendama nkumakhudza thupi la drone, overload nkubwera. Kovuka kamabwezeretsedwa ndi tweezer basi, kong'ambika mugula, ndipo pa zida zonse za gimbal timarabati ndiye totchipa kwambiri. Muonenso kamkono kogwira kamera ngati sikanapindike kapena kuthetheka. Ngati kapindika musayese kukawongola ndi pulayala, sikabwerera ndendende ndipo mota izingolimbana nako mpaka kupsa.

Zonsezi zikakhala bwino ikani drone patebulo losapendama, osati pa boneti ya galimoto, mulowe mu DJI Fly, pulogalamu ya pafoni youlutsira drone ija, madontho atatu aja pakona, Control, Gimbal Calibration, Auto, muisiye gimbal idziwongole yokha mpaka imalize osaikhudza.

Ikakanabe ndiye tsopano muitaneni mkulu wa mafoni uja, chifukwa nkhani yafika pa mawaya. Alipo awiri. Wina ndi wopyapyala ngati kalamba, ndiye amapereka moto ndi malamulo ku timamota, akang'ambika kamera imangoti lende kapena kumavina yokha. Wina ndi mtolo wa timawaya tonga tsitsi tomwe timanyamula chithunzi, ameneyo akaduka gimbal imayenda bwinobwino koma pafoni pamangoda bii. Inuyo simunanene kuti chithunzi chasowa ndiye ndikuganiza kuti vuto lili pa woyambayo. Kumusintha zimatheka koma ndi ntchito yofuna kudekha, timasikuluu take ndi tating'ono zedi komanso tosiyana kutalika, muuzeni azijambula ndi foni pa sitepe iliyonse, ndipo asakoke mtolo wa chithunzi uja poti umadutsa mkati mwa timikono, anthu ambiri amapita kukakonza waya mmodzi nkubwerako ataononga awiri.

Chomwe ogulitsa zida pa intaneti sakuuzani ndi ichi: mukasintha kamera kapena gimbal yonse, kawirikawiri drone imatulutsa uthenga wa vuto wa nambala 40011 kapena 40021, ndipo calibration ya mu DJI Fly siichotsa zimenezo, pamafunika pulogalamu ina ya pa kompyuta yomwe okonza ma drone amakhala nayo. Choncho musanalipire mufunseni wokonzayo ngati ali nayo, akayamba kukanda mutu nyamulani katundu wanu. Poitanitsa zida kaya ku China kaya kudzera kwa abale ku Joni muonetsetse dzina, Mavic Mini ya 2019 ndi Mini 2 ya 2020 zimafanana nkhope, zonse sizipitirira magalamu 249, koma kamera zake ndi zosiyana, inayo imathera pa 2.7K pomwe yanuyi imafika 4K. Ndipo poti katundu wa ku China amatha masabata panjira, za maukwati awiriwo yambani kulankhula ndi mnzanu woti akubwerekeni drone lero lomwe.

FUNSO: Yanga sinagwepo koma ndikajambula nyanja madzi amaoneka ngati akutsetserekera mbali imodzi. Yafa? Mtsikana wa ku Mzuzu.

YANKHO: Sinafe achemwali. Pangani calibration ya Auto ija patebulo lowongoka, ikapendamabe pang'ono pomwepo pali Manual, mukankhe mpaka mzere wa madzi ugone bwino. Ikamabwererabe pangani calibration ya IMU, kachipangizo kamene kamauza drone mmene yapendamira, ili ku Safety. Koma ndikufunseni, kachivundikiro ka pulasitiki ka pa gimbal kaja mumakachotsa musanayatse? Drone ikangoyaka gimbal imayamba yadzizunguza kudziyesa, ndiye ikapeza yamangidwa timamota timavutika, ambiri amaononga gimbal chonchi isanagwe nkomwe. Mukamaliza kujambula kabwezereni musanaponye drone m'chikwama, makamaka ngati mukwera kabaza kapena minibasi. Ndipo ponyamuka pamchenga kapena pafumbi yalani kaye ka katoni kapena mphasa, mphepo ya ma propeller imautsa fumbi lomwe limathera mu gimbal momwemo.