Mizati ya ku Giant's Causeway sinasemedwe ndi anthu

Achimwene, mwafunsa ngati mizati imeneyi inasemedwa ndi anthu. Ayi, palibe mmisiri amene anasema mizati ya miyala ya ku Giant's Causeway ku Northern Ireland, ngakhale kuti imaoneka ngati yoyezedwa ndi chingwe. Chiphalaphala chamoto chitatuluka pansi pa nthaka n'kuyalana mochindikala, chinazizira pang'onopang'ono, ndipo pouma chinkachepa n'kung'aluka, ming'aluyo n'kumalowerera mkati mpaka kusiya mizati pafupifupi 40,000, yambiri mwa iyo ya mbali 6.

Ine ndinamvetsa zimenezi nditawerama n'kuyang'anitsitsa matope a m'thamanda louma, mmene amagawikira m'tizigawo tokhudzana m'mbali. Koma mukapeza miyala yotereyi pamalo amene mukufuna kumangapo, funsani kaye katswiri wa za miyala, chifukwa mizati yong'alukayi imatha kugumuka.