Daenerys sanapenge tsiku limodzi

Achimwene mwafunsa kuti kodi Daenerys, mfumukazi ya ma dragoni ija, anapengadi kapena olemba Game of Thrones anangomuonongera dala kumapeto kuja. Amene simunamalize kuonera dumphani komenti iyi, ndiulula zonse. Ine ndimati mtima wootcha anthu uja mayiyu anali nawo kalekale, kungoti ife timamuombera m'manja chifukwa omwe amapsawo timadana nawo.

Tabwererani m'mbuyo muone. Sizoni 1 yomweyo anamangirira sing'anga wamkazi Mirri Maz Duur pa mulu wa nkhuni nkumuyatsa wamoyo. Ku mzinda wa Meereen anapachika mabwana 163 pobwezera ana a akapolo omwe mabwana akumeneko anapachika, osafufuza nkomwe kuti analamula ndani anakana ndani. Sizoni 6 ma khal onse, mafumu a mtundu wa Dothraki, anawaotchera m'kachisi kumzinda wawo wa Vaes Dothrak. Yomwe ine inandiopsa ndi ya sizoni 7, Randyll Tarly ndi mwana wake Dickon akana kugwada, mlangizi wake wa Daenerys, Tyrion, kuchonderera kuti angowatsekera m'ndende aganize bwino, mayi nkhope gwaa anangoitana dragoni wake Drogon basi anthu awiri phulusa. Pamenepo panalibe kapolo woti amasulidwe, nkhani inali ya mpando.

Koma olembawo sindikuwaikira kumbuyo ayi, anathamanga zedi. Masizoni 6 oyamba anali ndi ma episodi 10 iliyonse, ya 7 anaidula kufika 7, ya 8 ya 2019 ija 6 yokha. Ndiye taonani, mtetezi wake Jorah wafa mu episodi 3, mu 4 dragoni wake wina Rhaegal walasidwa ndi mdani wake Euron nkugwera m'nyanja kenako mnzake wapamtima Missandei wadulidwa mutu Daenerys akuona, mu 5 mabelu akulira mzinda wagonja kale iye wayamba kuotcha amayi ndi ana m'misewu ya likulu la King's Landing. Zonsezi zimafunika sizoni yathunthu kuti tizimuona akusintha pang'onopang'ono. Vuto mabuku anawathera panjira, mlembi wake George R. R. Martin buku lachisanu anatulutsa 2011 ndipo m'menemo Daenerys sanafike nkomwe ku Westeros, dziko lomwe amafuna kulamulira, Jon Snow ali chigonere ku Wall, chikhoma cha kumpoto chija, atabayidwa ndi anzake.

Chomwe chinamuthyola kwenikweni ndi Jon. Kwawoko ufumu umatsata kuchimuna, ndiye Jon pokhala mwana wa Rhaegar mchimwene wake wa Daenerys, mpando ndi wake ngakhale iye amangoti sindiufuna. Zimandiseketsa kuti zikanakhala kwathu kuno ku Mangochi komwe ufumu umagwera mwana wa mchemwali, mlanduwu bwenzi utatha kale, Jon mayi ake ndi Lyanna Stark, Ned ndi atsibweni ake enieni, akanangolowa ufumu wa a Stark ku Winterfell, Daenerys nkutenga mpando wake wachitsulo popanda womulanda. Koma mlangizi wina Varys atangomva za Jon anayamba kulemba timakalata toulula nkhaniyo, nayenso moto.

Za Bran, mwana wa Ned, kukhala mfumu musandiyambitse, munthu amene sizoni 5 yonse sanaonekemo ndi kamodzi komwe ati ndiye ali ndi mbiri yabwino kuposa onse?? Azichemwali ake Arya bwanji, Sansa bwanji. Ndipo amene mukukaikitsa pa flashi ku ma burning a kumsika onetsetsani kuti episodi 4 ya sizoni 8 ilimo, mnzanga wina anamupatsa yopanda ndipo anabwera kudzandifunsa kuti Missandei wapita kuti.