Katundu akuwoloka malire, nanga ife tidzawoloka liti?

Achemwali mwafunsa kuti ife achinyamata tikuliona bwanji tsogolo la mgwirizano wa mayiko a m'chigawo pa ndale ndi pa chuma, komanso mavuto omwe akubwera kutsogoloku ndi ati. Mundipirire ndilemba zambiri chifukwa nkhaniyi imandikhudza kwabasi.

Ine mgwirizano ndimaufuna, zimenezo ndineneretu. Mutu umodzi susenza denga, dziko laling'ono palokha silingakhale pa tebulo ndi China kapena EU (mgwirizano wa mayiko a ku Europe) n'kumveka mawu ake. Koma zomwe ndikuona n'zoti mgwirizano womwe ukumangidwawu ndi wa katundu ndi mapulezidenti, munthu akubwera pambuyo. Taonani, mu 2018 mayiko a mu Africa anasainira ku Kigali pangano la msika umodzi la AfCFTA, malonda n'kutsegulidwa pa 1 January 2021. Chaka chomwecho cha 2018 AU, bungwe la mayiko a mu Africa, inakonzanso pangano lina loti anthu aziyenda momasuka, kukakhala ndi kukagwira ntchito dziko lina. La katundu lija mayiko oposa 40 analivomereza, koma la anthuli lomwe limafuna mayiko 15 okha kuti liyambe kugwira ntchito, patatha zaka zisanu anali atalivomereza ndi anayi basi. Pamenepo nde mudziwe chomwe maboma amaopa, amaopa ifeyo ofuna ntchitofe.

Ndinakwerapo basi yodutsa malire, tinafika paboda kusanache n'kuchokapo masana dzuwa lili paliwombo, mathiraki ali ndondondo madalaivala ena atayanika zovala pa magalasi kusonyeza kuti agonapo masiku. Mtsikana yemwe ndinakhala naye mpando umodzi anali ndi dipuloma ya unamwino mu envulopu ya khaki atayikulunga m'pulasitiki kuopa mvula, amangoyigwiragwira ulendo wonse. Pa pasipoti anamudinda masiku 30 ngati mlendo wokacheza, ndipo iye amadziwa kale kuti kumene akupitako akayambiranso kulembetsa, kulipira, kudikira pemiti, mwina masiku 30 aja n'kutha asanayankhidwe. Zinandiwawa heavy ayi ndithu, munthu waphunzira, odwala akumufuna mbali zonse ziwiri za malire, koma pepala lake likangodutsa mzere uja mphamvu yatha.

Vuto lalikulu kuposa onse kwa ine ndi loti atsogoleri amasaina mosavuta koma lamulo likawaluma iwowo amalithawa. SADC, bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa, inali ndi khoti lake ku Windhoek m'dziko la Namibia komwe munthu wamba amatha kusumira boma. Mu 2008 khotilo linagamula mokomera alimi omwe analandidwa minda ku Zimbabwe, boma la kumeneko linakana chigamulocho, ndipo m'malo moti anzawo alikakamize, mu 2010 atsogoleri anaimitsa khotilo, kenako mu 2014 n'kulemba pangano latsopano loti lizingomva milandu ya boma ndi boma. Kaya nkhani ya minda ija mumaiona bwanji zilibe kanthu apa, chomwe ndikunena n'choti khomo lomwe ine ndi inu tikanadzagogodapo tsiku lina boma litatilakwira linatsekedwa. Nigeria nayo inasaina AfCFTA mu July 2019, mwezi wotsatira n'kutseka malire ake apamtunda mpaka December 2020. Nde wachinyamata angatenge bwanji ngongole kuti ayambe bizinesi yodalira msika wa dziko loyandikana pomwe boda itha kutsekedwa mawa m'mawa?

Musaiwalenso kuti migwirizano imatha kuphwasuka. East African Community inagwa mu 1977 n'kudzadzukanso mu 2000, Mali, Burkina Faso ndi Niger anatuluka mu ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, mu January 2025, Britain inavota zotuluka mu EU mu 2016. Za Britain zija n'zomwe zimandipatsa mantha chifukwa achinyamata ambiri omwe anavota amafuna kukhalabe, koma akuluakulu anapita kukavota mwaunyinji kuposa iwo, mapeto ake omwe adzakhale ndi zotsatirazo zaka zambiri ndi omwe anagonja.

Za ndalama imodzi sindichedwapo. SADC inkati pofika 2018 ikhale ilipo, sizinatheke, ndipo ine sindidandaula. Greece itagwa m'ngongole mu 2010 inalibe ndalama yakeyake yoti ingaisinthe mphamvu chifukwa inali pa ndalama imodzi ya euro ndi mayiko ena a EU, inangouzidwa kuti idule bajeti, ndipo ulova wa achinyamata unadutsa theka. Chuma chikhale chisanafanane mphamvu musathamangire zimenezo.

Chinthu china chomwe anzanga ambiri amadandaula n'choti mukachotsa misonkho paboda, wopindula msanga ndi yemwe ali kale ndi mafakitale, magetsi osazimazima ndi doko. Enawo amasanduka msika wongogula, kafakitale kakang'ono kamatseka, achinyamata n'kunyamuka kutsatira ntchito komwe kwapita mafakitale, ndiye akafika uko amakumana ndi achinyamata anzawo omwe nawonso ali pa ulova. Tinaziona ku South Africa mu 2008 pomwe anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, zinabwereranso mu 2015 ndi 2019. Omenya ndi omenyedwa ambiri amphawi, ambiri achinyamata, kulimbirana kaganyu komweko. Agogo athu anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka chinatha mu 1963 chifukwa sanafunsidwe komanso amaona kuti phindu likupita mbali imodzi, ndipo madandaulo awiri omwewo ndimawamvabe lero pakati pathu.

Ku Europe pulogalamu ya Erasmus inayamba mu 1987 kutumiza ophunzira kukaphunzira dziko lina kwa miyezi ingapo, n'chifukwa chake kumeneko wachinyamata mgwirizano amauona ndi maso, ali ndi anzake kutsidya. Nafenso tili ndi poyambira, pangano la SADC la maphunziro la 1997 limati mayunivesite azisunga malo osachepera 5 pa 100 alionse a ophunzira ochokera mayiko ena a m'chigawo, ndipo azilipira fizi ngati eni dziko. Ndifunse pagulu pano, ndi angati munauzidwapo zimenezi muli ku sekondale, ndipo alipo yemwe anayesapo kufunsira malo potengera panganoli atiuze zinamuyendera bwanji?