Mwana wakula, tigule booster uti?

Mayi wina wa ku Kasungu wanditumizira imelo. Mwana wawo wazaka 5 sakukwananso mumpando wake wa ukhanda wa m'galimoto, mapewa akupanikizika. Iwo aona ka booster (kampando kokweza mwana m'galimoto) kopanda msana pa kaunjika, kotchipa, ndipo akufunsa ngati angagule kapena angoyamba kummanga lamba wa akuluakulu. Amayenda kawirikawiri pa M1 kupita ku Lilongwe.

Mayi, musayang'ane zaka zokha. Bwerekani tepi kwa telala, mumuyese msinkhu, mumukwezenso pasikelo. Lamba wa galimoto anapangira munthu wamkulu, ndiye ntchito ya booster ndi kukweza mwana kuti lambayo agwire mafupa. Wam'munsi agone pamwamba pa ntchafu, atagwira mafupa a m'chiuno. Wam'mwamba adutse pakati pa phewa n'kutsikira pachifuwa. Mwana wamfupi akangokhala pampando wamba, lamba amakwera pamimba, winayo n'kumamukhula pakhosi, ndipo posakhalitsa mumuona atamupisa kukhwapa kapena kumuponyera kumsana. Galimoto ikagunda ali chomwecho, mphamvu yonse imathera m'matumbo ndi pamsana. Ndiye za lamba yekha ziiwaleni kaye.

Kopanda msanako sindikukuvomerezani. Ku Ulaya, kuyambira 2017, mitundu yatsopano ya mipando yotere amailoleza kwa mwana wopitirira masentimita 125 ndi makilogalamu 22, ndipo ana ambiri azaka 5 sanafikepo. Komanso ulendo wa ku Lilongwe ndi wautali. Mukamafika pa Madisi mwana wagona kale, mutu uli lende, thupi lapendekera kuchitseko, lamba wachoka paphewa. Mpando wokhala ndi msana uli ndi zotchinga m'mbali mwa mutu ndi kangowe kogwira lamba pamalo pake, ndipo chotsamira mutu chimakwezeka mwana akamatalika.

Tembenuzani mpandowo mufufuze chomata cha olenji chokhala ndi E m'kabwalo, chosonyeza kuti mpandowo unayesedwa n'kuvomerezedwa. Pakalembedwa R44/04, booster amayambira makilogalamu 15 mpaka 36. Pakalembedwa R129 amawerengera msinkhu, masentimita 100 mpaka 150.

Za kaunjika ndikumvetsa, ndalama zavuta, koma mpando umene unachitapo ngozi sudziwika ndi maso. Ndi bwino kugula kwa m'bale amene mukudziwa mbiri yake. Ngati palibe, vundukulani nsalu, muone ngati pulasitiki kapena choyera chija chonga cha m'makatoni a TV sichinang'aluke. Chomata chikasowa, usiyeni.

Onaninso galimoto yanu. Magalimoto akale ambiri ochokera ku Japan, pakati pa mpando wakumbuyo pali lamba wa m'chiuno yekha, ndipo booster pamenepo sayikidwa. Muyikeni kumbuyo cham'mbali, komwe kuli lamba wa paphewa. Pokagula pitani ndi mwanayo ndi galimotoyo, mummange muone musanalipire.

Mwana adzausiya mpandowu tsiku limene atakhala pampando wamba msana utatsamira, mawondo akupindika m'mphepete, lamba ali paphewa. Ku Britain lamulo limati mwana akhalebe pampando wake mpaka zaka 12 kapena masentimita 135.