Steve Tandy ndi timu ya Wales: tiyembekezere chiyani, ndipo timuyeze ndi muyeso uti?

Achimwene, ndawerenga funso lanu lakuti kodi Steve Tandy, mphunzitsi wamkulu wa timu ya rugby ya Wales, sayenera kuchotsedwa ntchito pamene timuyi yakwapulidwa 73-0 ndi South Africa pakhomo pake pomwe ku Cardiff pa 29 Novembala 2025, komanso lakuti ndi kaseweredwe kotani kamene kangaidzutse timu imeneyi. Ndaonanso mayankho a anzathu angapo amene tinaonera nawo masewerowo kuno ku Mzuzu, omwe akuti munthuyu anyamule katundu wake lero lomwe. Maganizo anga ndi akuti apitirize ntchito, ngakhale kuti pali chinthu chimodzi chachikulu chimene ndikumuimba nacho mlandu, ndipo ndichitchula mosabisa ndikafika pamenepo.

Tiyambe ndi timu imene anaipeza. Kuyambira mu Okutobala 2023, pamene Argentina inaitulutsa Wales mu ndime ya makotafainolo ya chikho cha dziko lonse ku Marseille, timuyi inagonja masewero 18 motsatizana. Mphunzitsi wakale Warren Gatland anasiya ntchito mu Febuluwale 2025, mpikisano wa Six Nations (wa chaka ndi chaka wa mayiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya) uli mkati, atagonja ndi Italy ku Rome, ndipo Matt Sherratt amene anagwirizira mpandowo anaona England ikumwetsa 68-14 ku Cardiff mwezi wotsatira. Mndandanda wa kugonja unaduka mu Julayi 2025 ku Kobe, pamene anapambana Japan 31-22. Tandy anayamba ntchito mu Sepitembala, ndipo pofika kumapeto kwa 2025 anali atatsogolera masewero anayi okha, awiri mwa iwo ndi New Zealand ndi South Africa. Munthu amene wapatsidwa munda woguga sitimuwerengera matumba a chimanga m'chaka choyamba. Timaona ngati wayamba kuthira manyowa ndi kukonza mizere, ndipo ndi mmene ndikufunira kuti timuonere mphunzitsi ameneyu.

Chimene chikuwawa ochemerera a Wales, kaya ali ku Cardiff kaya ali ku Katoto, n'chakuti akukumbukira zinthu za posachedwapa. Pansi pa Gatland timuyi inapambana masewero onse a Six Nations mu 2008, 2012 ndi 2019, inakhalako pa nambala 1 pa dziko lonse mu Ogasiti 2019, ndipo inatenganso chikho cha Six Nations mu 2021 pansi pa Wayne Pivac. Koma anthu amene anachita zimenezo kulibenso. Alun Wyn Jones, Justin Tipuric, Dan Biggar, Leigh Halfpenny, Ken Owens ndi George North onse anasiya kusewerera dziko lawo pakati pa 2023 ndi 2024, pafupifupi nthawi imodzi, ndipo olowa m'malo mwawo anali asanakhwime. Ngati mukufuna umboni umene sudalira maganizo a munthu, onani timu ya British and Irish Lions, imene imasankha akatswiri a England, Scotland, Wales ndi Ireland: pa masewero achitatu ndi Australia mu 2013, osewera 10 mwa 15 amene anayamba anali a Wales, pamene pa ulendo wa 2025 ku Australia komweko anasankhidwa awiri okha, Jac Morgan ndi Tomos Williams. Sindikudziwa mphunzitsi wina aliyense amene angatseke mpata waukulu chotero m'miyezi itatu.

Za 73-0 zija tiyenera kuzinena moona mtima. Masewero a pa 29 Novembala anaikidwa kunja kwa masabata amene malamulo a World Rugby amakakamiza makalabu kumasula osewera, choncho amene amasewera ku England ndi ku France anali atabwerera kwa owalemba ntchito. Panalibe Tomos Williams wa Gloucester, Louis Rees-Zammit wa Bristol, Dafydd Jenkins wa Exeter, Nicky Smith wa Leicester ngakhalenso Adam Beard wa Montpellier, ndipo kaputeni Jac Morgan anali atavulala phewa pa masewero oyamba ndi Argentina. N'zoona kuti South Africa nayo inasowa ena mwa akatswiri ake, koma dziko limenelo likhoza kutulutsa matimu awiri kapena atatu olimba mofanana, pamene Wales, dziko la anthu ongopitirira pang'ono 3 miliyoni, ikachotsedwa anthu khumi imatsala ndi anyamata. Amene anakonza masewero amenewo pa tsiku limenelo, pofuna ndalama za pachipata, ali ndi gawo lalikulu la manyazi aja kuposa mphunzitsi.

Tsono nachi chimene ndikumuimba nacho mlandu. Tandy anapatsidwa ntchitoyi makamaka chifukwa cha mbiri yake pa kutchinga. Anatsogolera kalabu ya Ospreys ya ku Wales kuyambira 2012 mpaka 2018, anapita ku Waratahs ku Sydney kukaphunzitsa kutchinga, kenaka anakhala ndi Scotland kuyambira kumapeto kwa 2019, ndipo ndi iye amene anakonza kutchinga kwa Lions pa ulendo wa ku South Africa mu 2021. Komatu m'masewero anayi a Novembala Wales inamwetsedwa mapointi 200: 52 ndi Argentina, 23 ndi Japan, 52 ndi New Zealand, ndi 73 ndi South Africa. Ngakhale titachotsapo tsiku la South Africa, zotsalazo n'zochuluka kwambiri kwa munthu amene luso lake ndi lomwelo. Pamwamba pa zimenezi pali makadi. Josh Adams anapatsidwa kadi yofiira pa masewero ndi Japan, ndipo makadi achikasu sanasowe m'masewero enawo. Timu yofooka imene ikusewera ndi anthu 14 yadzipha yokha, ndipo mwambo wa osewera pabwalo ndi chinthu chimene mphunzitsi angathe kuchikonza popanda kudikira kuti pabadwe Alun Wyn Jones wina. Ndikuganiza kuti afunika wothandizira wokhazikika amene ntchito yake ikhale kutchinga kokha, chifukwa mphunzitsi wamkulu amene akuyankha atolankhani, kusankha osewera ndi kukhala pa misonkhano ya akuluakulu a bungwe sangakhalenso ndi nthawi yokwanira yoonera mmene wosewera aliyense akuimira pa mzere.

Pa nkhani ya kaseweredwe, ndikusiyana ndi anzathu amene akufuna kuti Wales ibwerere ku masewero othamangitsa mpira kuchokera kumbuyo kwenikweni, monga m'masiku a Gareth Edwards, Barry John ndi JPR Williams m'zaka za m'ma 1970. Chimene amaiwala n'chakuti akatswiri amenewo ankathamanga kumbuyo kwa osewera kutsogolo amene ankapambana mpira wawo. Timu ya lero ndi yopepuka kutsogolo, ndipo ikanyamula mpira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi osadutsa mzere umene yayambira, mapeto ake amakhala kulandidwa mpirawo kapena kupereka penate m'dera lake lomwe. Penate imeneyo mdani amaimenyera pakona, amaponya lineout (kuponya mpira kuchokera kunja pakati pa mizere iwiri ya osewera), amakankha maul (gulu la osewera likukankha limodzi ndi wonyamula mpira), ndipo mapointi asanu kapena asanu ndi awiri apita. Aliyense amene anaonera masewero a South Africa anaona unyolo umenewu ukubwerezedwa, nthawi zambiri kuyambira pa scrum, pamene osewera kutsogolo a mbali zonse ziwiri amalumikizana n'kukankhana polimbirana mpira.

Choncho ndikanakhala pafupi ndi Tandy ndikanamupempha kuti ayambire pa scrum, osati kuti azigonjetsa nayo anthu, pakuti mphamvu zimenezo alibe, koma kuti mpira wawo uzilowa ndi kutuluka mofulumira asanayambe kukankhidwa, ndi kuti asiye kupereka mapenate pa scrum ya adani. Japan inachita zimenezi pansi pa Eddie Jones pamene inagonjetsa South Africa 34-32 ku Brighton mu 2015, ndipo inali timu yopepuka kuposa Wales ya lero. Pa lineout azichepetsa anthu ndi kuponya msanga, kuti akuluakulu a mdani asapeze nthawi yokonzeka. Kenaka pali mpira wam'mwamba, umene wasanduka nkhondo yaikulu ya rugby ya masiku ano. Kuyambira kumapeto kwa 2024 oyimbira masewero anayamba kulanga osewera amene amatchingira mnzawo wolandira mpira pothamanga mwadala m'njira ya amene akuuthamangira, ndipo zotsatira zake n'zakuti mpira uliwonse womenyedwa m'mwamba tsopano ndi wolimbirana. Kwa timu imene singadutse anthu ndi mapewa, imeneyi ndi mphatso, chifukwa wosewera nambala 9 akamenya bwino ndipo wakumphepete akadumpha bwino, timu imapeza mamita makumi awiri kapena atatu popanda kugundana ndi munthu wa makilogalamu 120. Wales ili ndi Tomos Williams woti amenye, ili ndi Tom Rogers amene ndi wamtali ndipo amadumpha, ndipo ili ndi liwiro la Rees-Zammit loti litole zogwa. Ikakhala m'dera la mdani ndi pamene iyenera kutsegula mpira, ndipo taona kuti ikhoza kutero: inagoletsa ma try (kukaika mpira pansi kuseri kwa mzere wa mdani) anayi pa masewero ndi New Zealand, atatu mwa iwo a Rogers yekha, chinthu chimene palibe wosewera wa Wales anachitapo pokumana ndi All Blacks, timu ya New Zealand. Gawo la kuukira, limene Sherratt akuyang'anira monga wothandizira Tandy, likuoneka kuti lili ndi moyo.

Kutchinga kumene Tandy anamanga ku Scotland kunali kosiyana ndi kwa South Africa, kumene osewera amathamangira kutsogolo mwaukali kuti atseke mpira usanafike kumphepete. Iye amakonda mzere wogwirizana, anthu awiri kugwira munthu mmodzi, wina m'miyendo wina pa mpira, kuti mpira uchedwe kutuluka ndipo anzawo apeze nthawi yoima m'malo mwawo. Njira imeneyi imadalira kudziwana, ndipo kudziwana kumabwera pokhapokha anthu omwewo akasewera limodzi kambirimbiri. N'chifukwa chake ndikufuna kuti asankhe nambala 10 wake, wosewera woyendetsa masewero, amene mu Novembala 2025 anali Dan Edwards, asankhenso awiri apakati, n'kuwasiya pamenepo ngakhale atalakwitsa masewero awiri kapena atatu. Ochemerera timakonda kufuula kuti uyu achoke uyu alowe Loweruka lililonse, monga momwe timachitira ndi Flames yathu, koma timu imene ikusintha anthu apakati sabata iliyonse singaphunzire kutchinga.

Ena mwa inu mwatchula Rassie Erasmus, mphunzitsi wa South Africa, kuti iye anatenga timu yogwa n'kuipatsa chikho cha dziko lonse m'miyezi yosakwana 24. Chitsanzocho n'chabwino, koma tichione chonse. South Africa inagonja 57-0 ndi New Zealand ku Albany mu Sepitembala 2017, Erasmus anatenga timu mu 2018, ndipo masewero ake oyamba anagonja ndi Wales yomweyi 22-20 ku Washington. Chaka chimenecho anapambana masewero 7 n'kugonja 7, ndipo akanakhala kuti akuluakulu ake anamvera mkwiyo wa ochemerera, chikho cha 2019 ku Yokohama sichikanabwera. Kusiyana kwake n'kwakuti Erasmus anali ndi osewera okwanira amene anangobalalika, ndipo anangoitana anthu monga Faf de Klerk ndi Willie le Roux kuchokera ku England n'kuwaika pa dongosolo limodzi pansi pa Siya Kolisi. Tandy alibe gulu lotere loti aliitane, ndipo pansi pa mapazi ake pakugwedezeka, popeza bungwe la Welsh Rugby Union linalengeza mu Okutobala 2025 kuti likufuna kuchepetsa matimu akuluakulu kuchoka pa anayi, omwe ndi Cardiff, Dragons, Ospreys ndi Scarlets, kufika pa atatu. Wosewera amene sakudziwa ngati kalabu yake ikhalapo chaka chamawa amasewera ndi mtima wogawanika, ndipo taona kale Jac Morgan ndi Dewi Lake, akaputeni onse awiri, akusaina kuti apita ku Gloucester. Zimenezi zikundipweteka kuposa 73-0, chifukwa zigoli zimaiwalika koma osewera akachoka kubwerera kumavuta.

Nanga tiyembekezere chiyani? Pamene ndikulemba izi, kumapeto kwa 2025, Six Nations ya 2026 ili patsogolo, ndipo ikuyamba ndi ulendo wa ku London kukakumana ndi England, kenaka France ndi Scotland zibwera ku Cardiff, adzapita ku Dublin, ndipo adzamaliza ndi Italy pakhomo mu Malichi. Amene akuyembekezera kupambana ku London kapena ku Dublin akudzikonzera kukhumudwa. Chimene ine ndidzayang'ana n'chakuti mapointi omwetsedwa atsike kuchoka pa 50 pa masewero aliwonse kufika pansi pa 30, kuti timu izimaliza ndi anthu 15 pabwalo, ndiponso kuti pofika mphindi ya 60 masewero azikhala asanathe. Kupambana kumodzi n'kofunika ndithu, chifukwa pofika kumapeto kwa 2025 Wales inali isanapambanepo mu Six Nations kuyambira pamene inagonjetsa Italy ku Rome mu Malichi 2023, ndipo mwayi weniweni uli pa Scotland, timu imene Tandy akuidziwa mkati ndi kunja, ndi pa Italy, ngakhale kuti Italy ya masiku ano si yoiderera.

Kupambana kwa 24-23 pa Japan, kumene kunabwera ndi penate ya Jarrod Evans nthawi itatha, ambiri anakuseka, koma n'kumene kunaisunga Wales m'gulu la matimu 12 apamwamba pa nthawi ya maere a chikho cha dziko lonse cha 2027 ku Australia. Maerewo anaiika pamodzi ndi England, Tonga ndi Zimbabwe, ndipo kwa ife a kuno kummwera kwa Africa tsiku la Zimbabwe lidzakhala lovuta kusankha mbali, popeza abale athuwa abwerera ku mpikisanowu koyamba kuchokera mu 1991 atagonjetsa Namibia 30-28 ku Kampala. Gulu limenelo Wales iyenera kulidutsa, ndipo Tandy ali ndi nthawi yokwanira yokonzekera ngati amusiya agwire ntchito. Koma ngati pofika madzulo a masewero ndi Italy timuyi idzakhala ikumwetsedwabe mapointi 50 ndi kutola makadi monga mu Novembala, pamenepo, achimwene, ndidzagwirizana nanu kuti funso la mpando wake lifunsidwe.