Opaleshoni ya mtima osang'amba chifuwa: yankho kwa mayi a ku Mufakose

Mayi ena a ku Mufakose, ku Harare, andilembera kuti: "Mtima wa bambo anga ukugunda mosalongosoka, adokotala akuti ndi atrial fibrillation. Achimwene ku Johannesburg akuti kuli opaleshoni yosang'amba chifuwa. Kodi tiyambe kusonkha ndalama?"

Mayi, opaleshoniyo ilipodi. Matendawa amagwira zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima. M'malo mopopa magazi, zimangonjenjemera chifukwa timagetsi toyendetsa mtima tasokonekera. Mu 1987 Dr James Cox wa ku St Louis, ku America, adayamba kucheka timizere m'zipindazo kuti zipsera zitseke njira za timagetsi tosokerato, koma ankatsegula chifuwa chonse. Mu 1998 Michel Haïssaguerre ndi anzake ku Bordeaux, ku France, adaonetsa kuti chisokonezochi kawirikawiri chimayambira pomwe mitsempha yochokera m'mapapo imalowera mumtima. Masiku ano dokotala amaboola timabowo pakati pa nthiti, n'kulowetsa kamera ndi kachida kowotchera mozungulira mitsemphayo. Njira ina ndi ya kachubu kolowera mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka kukafika mumtima, n'kuwotcha kapena kuziziritsa malo omwewo.

Koma ndalamazo zisungeni kaye. Choopsa kwambiri pa matendawa ndi sitiroko. Magazi amadikha m'kathumba ka chipinda chakumanzere, n'kuundana, kachibulumako n'kupita ku ubongo. Chiopsezochi chimakwera pafupifupi kasanu. N'chifukwa chake mankhwala osungunula magazi ndiwo oyamba, ndipo ambiri amapitiriza kumwa ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Ndimamva chisoni banja likamathamangira matikiti a ndege pamene nkhalamba ikudumphitsa warfarin, amodzi mwa mankhwalawa, ndiponso INR yake, muyeso woonetsa momwe magazi akuchedwera kuundana, yomwe kwa ambiri imafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3, siikuyezedwa.

Chinanso, kuno kwathu anthu ambiri valavu ya mitral, kachitseko ka pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere za mtima, idaonongeka ndi rheumatic fever, yoyamba ndi zilonda zapakhosi zomwe sizidachizidwe paubwana. Ngati valavu ya bambo yafinyika, kuwotcha kokha sikukwanira, valavuyo ndiyo yofunika kukonza. Mtima ukatupa kwambiri, kapena matenda akakhalitsa zaka, kagundidwe koipako kamabwereranso mosavuta, ena mpaka kuwawotchanso kachiwiri.

Pemphani kalata ku kiliniki kuti bambo akaonedwe ndi dokotala wa mtima ku chipatala cha Parirenyatwa, akawajambule echo, sikani yoonetsa zipinda ndi mavalavu a mtima. Ayezedwe BP, shuga ndi chithokomiro, ndipo ngati amamwa mowa ausiye. Zotsatira za echozo muwatumizire achimwene anu, ndizo adokotala a ku Johannesburg adzayambe kufunsa.